Munthu amayamba liti? Mbiri ya funso lakale kuchokera ku Old Naledi kufika kwathu

Nkhani ya kuchotsa pakati ikangofika ku nyumba ya malamulo, kaya ndi ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Gaborone, mbali zonse ziwiri zimathamangira kukabisala kuseri kwa mawu amodzimodzi akuti "chikhalidwe chathu". Awa amati makolo ankadziwa kuti munthu amayamba tsiku lomwe mayi waima, motero wochotsa pakati ndi wakupha. Awo amati makolo sankawerengera khanda m'gulu la anthu lisanatuluke m'chikuta, motero mkangano wonsewu unabwera m'chikwama cha amishonale. Tikaifunsa mbiri modekha, imationetsa kuti aliyense mwa awiriwa watola theka la zimene makolo ankakhulupirira, theka linalo n'kulisiya pansi. Tiyeni tiiyambire ku Botswana, dziko limene linakangana poyera pa nkhaniyi mu 1991 n'kumanga mfundo, pamene ife kuno tikukokanabe.

Botswana si dziko lachilendo kwa ife. Agogo athu ambiri opita ku migodi ya ku Joni ankadzera ku Francistown pa ndege za Wenela, ndipo kumeneko n'kumene ndege ina inagwa pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74. Likulu la dzikolo, Gaborone, linayamba kumangidwa mu 1964, chifukwa kufikira nthawi imeneyo dziko la Bechuanaland linkalamulidwa kuchokera ku Mafeking, tauni ya m'dziko la South Africa. Ojambula mapulani anakonza mzinda wa anthu pafupifupi 20,000, koma sanasiye malo a amisiri ndi aganyu amene ankaumangawo. Anthu amenewa anadzimangira zisakasa kummwera kwa mzindawo, m'mbali mwa njanji, ndipo malowo anatchedwa Naledi, ndiye kuti nyenyezi m'Chitswana. Boma linayesa kuwasamutsa pomanga dera lina lotchedwa New Naledi, koma mudzi wakalewo sunathe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mothandizidwa ndi dziko la Canada, boma linavomereza kuti Old Naledi ndi gawo la mzinda, linalambula misewu, kuika mipopi ndi kupereka zikalata za malo.

Kwa zaka zoposa 10, anthu a ku Old Naledi ankakwatirana, kubereka ndi kuika maliro pa malo amene pamapu a boma panalibe kanthu. Analipo ndithu, koma anali asanawerengedwe. Mpata wa pakati pa kukhalapo ndi kuwerengedwa ndiwo mtima wa funso lathu, pakuti palibe amene amakana kuti m'mimba mwa mayi woyembekezera muli chamoyo. Chimene timasiyana n'chakuti chamoyocho chimalowa liti m'kaundula wa anthu, ndipo akuchilowetsa ndani.

Amene anamanga Old Naledi anachoka kumidzi ndi yankho lawo. Katswiri wa miyambo Isaac Schapera, amene anayamba kukhala pakati pa Akgatla a ku Mochudi mu 1929, analemba zambiri za mwambo wa botsetsi: mayi akabereka amabindikira m'nyumba ndi khanda lake kwa milungu kapena miyezi, akusamalidwa ndi amayi aakulu, ndipo mwanayo amadzatulutsidwa pa tsiku lake kuti abale amuone ndi kumulandira. Wowerenga wa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angonia sangadabwe nazo zimenezi. Kwathu mayi ndi khanda amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, dzina limabwera pambuyo pake, ndipo pakapita milungu ingapo makolo amachita mwambo wa kutenga mwana, umene ena amati kulowetsa mwana kumphasa. Bambo J. W. M. van Breugel, wansembe amene anafufuza chipembedzo cha Achewa, anafotokoza kuti mwambo umenewu usanachitike khanda limaonedwa kuti ndi lozizira, losakhwima, loti likhoza kudulidwa ndi aliyense wotentha amene angaligwire.

Umboni woonekeratu uli kumanda. Mayi akapita padera, kapena akabereka mwana wakufa kale, amene timati mtayo, amayi okhaokha ndiwo ankapita kukaika mwakachetechete, m'dzenje losazama, popanda kulira mokweza, popanda adzukulu, popanda kumeta. Maliro a munthu wamkulu ankaimitsa mudzi wonse kwa masiku. Pakati pa ziwirizi panali makwerero, ndipo mwana ankakwera limodzi limodzi: kugunda m'mimba, kubadwa, kugwa kwa mchombo, dzina, kumphasa, mpaka kudzafika ku chinamwali. Amene amati makolo ankaona mimba ya mwezi umodzi mofanana ndi munthu woyenda ndi miyendo ayenera kutiuza chifukwa chake maliro awiriwa ankasiyana chotere.

Koma theka linalo nalo ndi lolemera. Makolo omwewo sankaona mimba ngati chinthu cha mwini thupi yekha. Schapera analemba kuti pakati pa Atswana mayi wopita padera ankatengedwa kuti ndi wotentha, ndipo mimba yotayidwa mobisa inkaipitsa nthaka mpaka kumanga mvula, kotero kuti chilala chikavuta mfumu inkalamula kuti dziko litsukidwe ndi mankhwala. Kwathu mayi wotere sankathira mchere m'ndiwo kapena kuyandikana ndi mwamuna kufikira amayi aakulu atamusambitsa. Mimba yoyamba inali ndi chinamwali chakechake, chisamba, pamene anankungwi ankalangiza mkazi pamodzi ndi mwamuna wake. Ngakhale chiyankhulo chathu chimachitira umboni: timati mayi ali ndi pakati, ndipo akuluakulu amatanthauzira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Chinthu chopanda pake sichikanazunguliridwa ndi mipanda yochuluka chonchi.

Pali mfundo ina imene mikangano ya masiku ano imaidumpha. M'malamulo a mdulo, mwana wosabadwa ankamanga bambo ake. Mwamuna woyenda kumbali mkazi wake ali ndi pakati ankaimbidwa mlandu mayiyo akavutika pobereka kapena mwana akatupa ndi tsempho. Kwa Atswana, mnyamata wopereka mimba kwa mtsikana wosakwatiwa ankalipitsidwa ng'ombe pabwalo la mfumu, ndipo mlanduwo unkagwera banja lake lonse. Mimba inali katundu wa anthu ambiri. Tisanamizanenso kuti kale zonse zinali zokoma. Mu 1933 Schapera analemba kuti m'masiku akale mtsikana wa Chikgatla wotenga mimba asanakwatiwe ankanyozedwa poyera, ndipo kawirikawiri mwanayo sankaloledwa kukhala ndi moyo. Mudzi umene uli ndi mphamvu yolandira munthu umakhalanso ndi mphamvu yomukana, ndipo mphamvu imeneyo inagwiritsidwapo ntchito mwankhanza.

Anzeru a mu Africa akhala akukangana pa chiopsezo chimenechi. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba mu 1984 kuti kwa Mwafirika umunthu ndi chinthu chochita kufikapo, ndipo wina akhoza kulephera kuupeza. Umboni wake wina unali womwewu wa kuchepa kwa maliro a khanda. Kwame Gyekye wa ku Ghana anamutsutsa kuti mwana ndi munthu kale chifukwa cha chibadwa chake, ndipo chimene mudzi umakulitsa ndi khalidwe lake. Mmalawi mnzathu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anasanthula liwu lakuti munthu m'Chichewa n'kuonetsa kuti limanyamula matanthauzo awiri. Tikati "uyu si munthu" ponena za mfiti kapena wouma mtima, sititanthauza kuti ndi fisi weniweni. Tikunena kuti alibe umunthu. Atswana amati motho ke motho ka batho, ife timati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Miyambi imeneyi imalangiza za khalidwe, ndipo kuisandutsa chikalata chololeza kapena choletsa kupha n'kuisenzetsa mtolo umene sinamangidwire.

Yankho lachiwiri linabwera ndi mabuku opatulika, koma nalonso lili ndi mbiri yake. Akhristu anatsutsa kuchotsa mimba kuyambira m'zaka zoyambirira za mpingo. Komabe pa funso lakuti mzimu umalowa liti, akatswiri awo sankagwirizana. Aristotle anaphunzitsa kuti mwana wamwamuna amaumbika pa masiku 40, wamkazi pa masiku 90, ndipo Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anatsatira ganizo lakuti mzimu wa umunthu umalowa thupi litaumbika, ngakhale ankati kuchotsa mimba pa nthawi iliyonse ndi tchimo lalikulu. Papa Pius IX ndiye anachotsa mu 1869 kusiyanitsa chilango cha mimba youmbika ndi yosaumbika. Choncho pamene ansembe a Katolika ankafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, anafika ndi chiphunzitso chimene chinali chitamangidwa kale mfundo imodzi, ndipo agogo athu sanamve za mkangano wa zaka mazanamazana umene unali kumbuyo kwake. Abale athu Achisilamu nawo ali ndi makwerero awo: akatswiri ambiri a chipembedzocho amati mzimu umauziridwa pa masiku 120, ngakhale ena amaletsa kukhudza mimba kuyambira pachiyambi.

Yankho lachitatu ndi la atsamunda. Mu 1861, chaka chomwe amishonale oyamba ankamanga ku Magomero, nyumba ya malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo lolanga kuchotsa mimba pa msinkhu uliwonse. Mawu a lamulo limenelo ndiwo anakopedwa m'buku la milandu la Nyasaland limene linayamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo ndime 149 mpaka 151 zilipobe: zaka 14 kwa wochotsa, zaka 7 kwa mayi, zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zida. Ndime 243 imateteza dokotala yekhayo amene wachita opaleshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Bechuanaland inalandira buku lofanana nalo mu 1964. Chodabwitsa n'chakuti mabuku omwewa amanena kuti mwana amakhala munthu woti wina angaimbidwe mlandu womupha pokhapokha atatuluka kwathunthu m'thupi la mayi ali wamoyo, kaya wapuma kapena ayi, kaya mchombo wadulidwa kapena ayi. Makolo ankadikira kuti mchombo ugwe. Woweruza wa Chingelezi anati mchombo ulibe nawo ntchito. Onse awiri ankadula malire, aliyense pa malo ake. A ku Britain eni ake anafewetsa lamulo lawo pa mlandu wa dokotala Aleck Bourne mu 1938, amene anamasulidwa atachotsa mimba ya mtsikana wa zaka 14 wogwiriridwa ndi asilikali, kenako analisintha kwambiri mu 1967. Ife tinatsala ndi chovala chimene mwini wake anavula.

Mayankho atatuwa anakumana ku Gaborone mu 1991, pa ulamuliro wa Pulezidenti Quett Masire, boma litabweretsa ku nyumba ya malamulo kusintha kwa buku la milandu. Mpingo wa Katolika, umene bishopu wake ku Gaborone panthawiyo anali Boniface Setlalekgosi, unatsutsa mwamphamvu. Ochirikiza kusinthako ankaloza amayi ndi atsikana amene ankafika m'zipatala atavulala kale ndi njira za mseri. Inali nthawi imene amayi a ku Botswana anali atadzuka: bungwe la Emang Basadi linakhazikitsidwa mu 1986, ndipo m'chaka chomwecho cha 1991 Unity Dow anapambana ku khoti lalikulu pa mlandu wofuna kuti ana a mayi wokwatiwa ndi mlendo akhale nzika.

Lamulo limene linatuluka limalola kuchotsa pakati m'milungu 16 yoyambirira pa zifukwa zowerengeka: ngati mimbayo yabwera mwa kugwiriridwa, mwa kugona ndi mwana wosakwana msinkhu kapena ndi wachibale; ngati ikuopseza moyo wa mayi kapena thanzi la thupi lake ndi maganizo ake; ndiponso ngati pali umboni wakuti mwanayo adzabadwa ndi ulumali waukulu. Pa zifukwa ziwiri zomalizirazi madokotala awiri ayenera kuvomereza polemba, ndipo ntchitoyo iyenera kuchitikira m'chipatala cha boma kapena china chovomerezeka. Aphungu sananene kuti munthu amayamba liti. Koma poika malire a milungu 16 anavomereza mwakachetechete kuti mimba imalemera pamene ikukula, ndipo potchula zifukwa anavomereza kuti mimba siichotsedwa chisawawa. Mwina mosadziwa, anayandikira mbali zonse ziwiri za nzeru ya makolo kuposa mmene lamulo la 1861 linachitira.

Maiko otizungulira anayenda njira zosiyanasiyana. Zambia inatsogola mu 1972 ndi lamulo lofuna siginecha za madokotala atatu, ndipo pa 11 Ogasiti 2016 chisankho chofuna kulowetsa m'malamulo aakulu ndime zatsopano za ufulu, kuphatikizapo yakuti moyo umayamba mayi akangoima, chinalephera kukwanitsa chiwerengero cha mavoti chofunika. South Africa inalola mu 1996 kuti mayi asankhe yekha m'milungu 12 yoyambirira, ndipo mu 1998 khoti linakana dandaulo la maloya achikhristu lakuti liwu loti "aliyense" m'ndime ya ufulu wa moyo likuphatikizapo mwana wosabadwa. Mozambique inavomereza milungu 12 mu Disembala 2014, choncho Mchewa wa ku Tete ndi mbale wake wa ku Dedza akukhala pansi pa malamulo awiri osiyana, ngakhale chikuta chawo n'chimodzi. Ku Malawi nthambi younika malamulo inapereka ganizo la lamulo latsopano mu 2015, mipingo inayenda pamsewu kulitsutsa pa 6 Disembala 2016, ndipo mu Malichi 2021 aphungu anakana ngakhale kulola phungu Matthews Ngwale kuti alibweretse m'nyumbamo. Pakatipo, kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno mu 2015.

Anzeru a kunja anaikanso mfundo zawo, ndipo n'kwabwino kuzidziwa monga zilili. Mary Anne Warren, mu 1973, anati munthu ndi amene amazindikira, kuganiza ndi kudzidziwa. Vuto la muyeso umenewu n'lakuti khanda la tsiku limodzi silingaukwanitse. Don Marquis, mu 1989, anati kupha n'koipa chifukwa kumalanda wina tsogolo lake, ndipo mwana wosabadwa ali nalo tsogolo ngati lathu. Mfundo imeneyi siidalira chipembedzo, ndipo ochirikiza kusintha lamulo sayenera kuinyoza. Judith Jarvis Thomson, mu 1971, anafunsa kuti ngakhale titavomereza kuti m'mimbamo muli munthu, kodi ufulu wa moyo umapatsa wina mphamvu yokhala m'thupi la mnzake mwiniyo asakufuna? Wokulira mu umunthu angayankhe kuti palibe mwa ife amene anakula popanda thupi la wina, msana wa wina ndi nkhokwe ya wina. Yankho limeneli ndi loona, koma lili ndi mtengo wake: ngati mwana ali ndi ufulu pa thupi la mayi chifukwa tonse timadalirana, ndiye kuti mayiyo ali ndi ufulu pa thumba la bambo, pa nkhokwe ya abale ndi pa chuma cha boma.

Apa m'pamene Old Naledi akutiphunzitsanso. Lamulo la 1991 ndi limodzi kwa onse, koma njira yofikira kwa ilo si imodzi. Mayi wa ndalama wa ku Gaborone akhoza kuwoloka chipata cha Tlokweng n'kukathandizidwa ku South Africa tsiku lomwelo. Mtsikana wa m'chipinda cha lendi ku Old Naledi, kapena mlongo wathu wochokera ku Malawi kapena ku Zimbabwe wogwira ntchito ya m'nyumba wopanda mapepala, ayenera kupeza umboni, madokotala awiri ndi kulimba mtima, milungu 16 isanathe. Umphawi suli pa mndandanda wa zifukwa, ngakhale bambo wa mwanayo atathawa. N'chifukwa chake kuchotsa mimba kwa mseri kukuwerengedwabe pakati pa zinthu zimene zimapha amayi ku Botswana. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo chitseko chapafupi kwa wosauka nthawi zambiri ndi cha wogulitsa mapiritsi mobisa. Frederick Klaits, amene anakhala pakati pa akhristu a mpingo wina waung'ono ku Old Naledi pa nthawi imene Edzi inkasesa, analemba m'buku lake la 2010 lotchedwa Death in a Church of Life kuti anthu a kumeneko ankayeza ubale poona amene akudyetsa, kusambitsa ndi kutonthoza mnzake. M'dera limene achibale ali kutali kumudzi, chikuta chilibe amayi aakulu ochisunga, ndipo mtolo umene kale unkasenzedwa ndi mudzi wonse watsalira pamutu pa munthu mmodzi.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mayi ndi mwana wosabadwa anamangidwa pamodzi mwa njira yakuti sungamenye nkhondo ya mmodzi osakhudza mnzake, ndipo n'chifukwa chake funsoli lakana kutha kwa zaka zoposa 2,000. Mbale amene amakhulupirira kuti munthu amayamba mayi akangoima ali ndi maziko olemekezeka m'chikhulupiriro chake ndi m'mfundo ngati ya Marquis. Aime pamenepo, asabwereke dzina la makolo amene ankaika mtayo popanda kulira. Mlongo amene akufuna kuti lamulo lisinthe ali ndi manda a amayi ambiri omuchitira umboni. Aime pamenepo, asanene kuti kwa makolo mimba inali magazi chabe, pakuti iwo ankaopa kuti mvula imangika chifukwa cha mimba imodzi yotayidwa kuthengo.

Tikafuna kutenga nzeru ya makolo, tiitenge yonse. Iwo ankati wosabadwayo akubwera, ndipo kubwera kwake kumalemera mwezi ndi mwezi. Ankati mayi ndi munthu wathunthu kale, wa dzina, wa mfunda, woti akafa ndi pakati mudzi wonse umagona pa siwa. Ndipo mlandu wa mimba ankaufunsa kwa mwamuna, kwa ankhoswe ndi kwa eni mbumba mayiyo asanafunsidwe. Lamulo limene tili nalo ku Malawi limatchula zaka 7 za mayi, koma m'ndime zitatu zija mulibe liwu lililonse lonena za mwamuna amene anakana mimbayo. Aphungu athu akadzatsegulanso bukuli, kaya asankha njira ya ku Gaborone, ya ku Maputo kapena kusunga ya 1930, tidzawafunse kuti mwamuna ameneyo ndi mudzi wake awaika pati.